Sukulu ikuti pitani ku khonsolo, khonsolo ikuti bwererani ku sukulu: andithandize ndani?

Mayi wina yemwe akukhala ku England watilembera motere: "Ndili ndi ana awiri ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Viza yanga imati sindingalandire ndalama zothandizira anthu zochokera ku boma. Wamkulu ali ndi zaka 8, sukulu yake inasanduka academy chaka chatha. Masiku ano amangondiimbira foni masana kuti ndikamutenge, ati akusokoneza m'kalasi, koma kalata sandipatsa. Nditaimba ku khonsolo anandiyankha kuti sukuluyo siili m'manja mwawo. Wamng'ono ali ndi zaka 3 koma sakulankhula bwino. Malo a ana omwe anzanga anandiuza kuti ndipiteko ndinakapeza anatsekedwa kalekale, ndipo kusukulu ya mkaka akuti za iyeyu ndifunse ku khonsolo komweko. Nanga khonsoloyo ntchito yake ndi yotani? Mutu wandiima."

Mayi, khazikani mtima pansi. Kusokonezeka kwanuko sikukuchokera poti ndinu mlendo m'dzikomo. Pa zaka zomwe ndagwira ntchito ndi mabanja pa nkhani za sukulu kuno, ndaona eni nthaka, ngakhale aphunzitsi amene, akulephera kunena kuti nkhani yakuti mwini wake ndani. Amene adakuyankhani pafoni uja sadaname, koma adakuuzani mbali imodzi yokha. Sukulu idachokadi m'manja mwa khonsolo. Ana anu sadachoke. Malamulo ambiri omwe adatsala pa khonsolo amatsata mwana wokhala m'dera lake, kaya akuphunzira pa academy (sukulu ya boma yosayendetsedwa ndi khonsolo), kaya pa sukulu ya khonsolo, kaya ali pakhomo. Mukagwira mfundo imeneyi, zambiri zomwe ndinene zikhala zosavuta.

Poyamba ndifotokoze momwe zidafikira apa, chifukwa mukadziwa mbiri yake simudabwanso ndi mayankho omwe mukulandira. Lamulo la 1902 ndi lomwe lidapereka masukulu m'manja mwa makhonsolo ku England, ndipo la 1944 lidalimbitsa zimenezi. Kwa zaka zambiri khonsolo ndiyo inkamanga masukulu, kulemba aphunzitsi ntchito, kusunga ndalama komanso kutumiza alangizi ake m'makalasi. Kholo likadandaula linkadziwa khomo loti ligogode. Lamulo la 1988 lidayamba kusintha zinthu: ndalama zoyendetsera sukulu zidapita kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukuluyo. Mu 1992 kudabwera Ofsted kudzatenga ntchito yoyendera masukulu. Ma academy oyamba adatsegulidwa mu 2002, ndipo adali ochepa, makamaka m'madera a m'mizinda momwe masukulu ankalephera. Kusintha kwakukulu kudadza mu 2010 pomwe Michael Gove adali nduna ya zamaphunziro. Lamulo la chaka chimenecho lidatsegula khomo kuti sukulu iliyonse ya boma ikhoza kusanduka academy. Lero pa masukulu 10 aliwonse a sekondale, pafupifupi 8 ndi ma academy, ndipo a pulayimale oposa 4 pa 10 adalowanso momwemo.

Academy ndi sukulu ya boma ndithu, yaulere. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zake zimachokera ku unduna wa zamaphunziro osadzera ku khonsolo, ndipo imayendetsedwa ndi bungwe lotchedwa trust, lomwe nthawi zambiri limakhala ndi masukulu angapo. Mu 2017 boma lidathetsanso thumba la ndalama lomwe makhonsolo ankalipirira ntchito zothandiza masukulu, kotero alangizi ambiri aja adachoka. Izi ndi za ku England kokha. Ku Scotland ndi ku Wales kulibe ma academy, ndiye mnzanu wa ku Glasgow kapena Cardiff akakuuzani zosiyana musamutsutse.

Tsono chidatsala n'chiyani? Khonsolo ikuyenerabe kuonetsetsa kuti mwana aliyense m'dera lake ali ndi malo pa sukulu. Ndiyo imalandira mafomu opempha malo a kalasi yoyamba ya pulayimale ndi ya sekondale, ngakhale sukulu yomwe mukufuna ili academy. Imalipira mayendedwe a mwana yemwe sukulu yoyenera yapafupi ili kutali kuposa mamailosi 2 ngati sadafike zaka 8, kapena 3 ngati wakwanitsa zakazo. Imateteza ana ku nkhanza, imafufuza ana omwe sali pa sukulu, imasamala za ana olumala ndi ovutika kuphunzira, ndiponso ndiyo imagawa ndalama ku masukulu a mkaka. Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti dongosololi lili ndi chilema. Udindo udatsala, koma mphamvu ndi ndalama zidachepa. Khonsolo imafunsidwa ana akasowa malo, chikhalirecho siingakakamize academy kuwonjezera makalasi, ndipo lamulo la 2011 lidati sukulu yatsopano ikamafunika, khonsolo iyambe yafunafuna wokhazikitsa academy. Bilu yomwe boma lidapereka ku nyumba ya malamulo mu December 2024 idalinga kubwezera makhonsolo zina mwa mphamvu zimenezi, zomwe zikusonyeza kuti nawo akuluakulu adaona kuti pali mpata womwe ana akugweramo. Kukankhirana komwe mukukuonako kumabadwira mu mpata umenewu.

Tiyeni tibwere kwa wamkuluyo, chifukwa nkhani yake ndi yomwe yandidetsa nkhawa kwambiri. Kutumiza mwana kunyumba masana chifukwa cha khalidwe, popanda kalata, n'kosaloledwa ndi malamulo. Zilibe kanthu kuti sukuluyo ndi academy, zilibenso kanthu kuti inu mudavomera kukamutenga. Mwana akachotsedwa m'kalasi n'kuuzidwa kuti apite kwawo chifukwa cha khalidwe, kumeneko ndi kumuimitsa sukulu, ndipo mphunzitsi wamkulu yekha ndi amene ali ndi mphamvu yotero. Ayenera kukulemberani kalata yonena chifukwa chake, masiku ake ndi momwe mungadandaulire ku komiti ya sukulu. Ayeneranso kudziwitsa khonsolo. Ngakhale theka la tsiku limalembedwa, ndipo masiku onse pamodzi asapitirire 45 pa chaka cha sukulu.

Makolo ambiri amandiuza kuti, "Bola asalembe, mbiri ya mwana wanga ingaipe." Ndimawamvetsa, koma maganizo amenewa amapweteka mwana yemweyo. Chomwe sichidalembedwe palibe amene angachione. Mwana amataya maphunziro mwakachetechete, inu mumataya maola a ntchito, ndipo tsiku lomwe mudzafune thandizo lapadera sipadzakhala umboni woti panali vuto. Lembani imelo kwa mphunzitsi wamkulu, mwaulemu, yotchula masiku omwe mudaitanidwa. Mufunse ngati kumeneko kudali kumuimitsa sukulu, ndipo ngati ndi choncho akutumizireni makalata ake. Mupemphenso kukumana ndi SENCO, mphunzitsi yemwe sukulu iliyonse ya boma imayenera kukhala naye woyang'anira ana ofunika thandizo lapadera. Mwana wa zaka 8 sasokoneza popanda chifukwa. Ena amakhala kuti kuwerenga kukuwavuta ndiye akubisa manyazi, ena sakumva bwino, ena anzawo akuwazunza, ena kusintha kwa malamulo ndi aphunzitsi komwe kumadza sukulu ikalowa mu trust kwawasokoneza. Sindikunena kuti wanu ali ndi vuto lakuti. Ndikunena kuti funso limeneli sukulu imayenera kulifunsa isanatole foni kukuimbirani.

Zikapanda kusintha, njira ya madandaulo pa academy imayambira kwa mphunzitsi wamkulu, kenako ku komiti kapena ku trust, pomaliza ku unduna wa zamaphunziro. Ndondomekoyi sukulu imayenera kuiika pa webusayiti yake. Pamenepa khonsolo siweruza, n'chifukwa chake adakubwezani. Koma mukaimbanso musanene kuti mukudandaula za sukulu. Nenani kuti mwana wanu akutaya maphunziro chifukwa akutumizidwa kunyumba popanda kalata, ndipo mukufuna kulankhula ndi ofesi yoona za ana oimitsidwa ndi ochotsedwa sukulu. Mawu amenewa amakufikitsani kwa munthu wina, osati uja adakuyankhani. Dziwaninso kuti zitafika poti mwana wachotsedweratu, kuyambira tsiku la 6 ndi khonsolo yomwe imayenera kumupezera maphunziro a tsiku lonse, ngakhale wachotsedwa pa academy.

Za wamng'ono, ndiyambe ndi malo otsekedwa aja. Amenewo ayenera kuti adali a Sure Start, ndondomeko yomwe idayamba mu 1999 yosonkhanitsa pamalo amodzi anamwino, alangizi a makolo, masewera a ana ndi othandiza pa kulankhula. Pofika 2010 malo otere adalipo oposa 3,000. Ndalama za makhonsolo zitadulidwa kuyambira chaka chimenecho, ambiri adatsekedwa kapena kuphatikizidwa, ena adatsala dzina lokha. Ine ndimaona kuti kumeneku kudali kutaya kwakukulu. Kumalo amenewa n'komwe mwana wochedwa kulankhula ankaonedwa msanga, mayi asanadziwe n'komwe kuti pali choti afunse, pongobwera kudzacheza ndi anzake. Ofufuza a bungwe loona za chuma la Institute for Fiscal Studies adapeza kuti ana omwe adakulira pafupi ndi malo a Sure Start ankagonekedwa m'chipatala mocheperapo atakula ndipo ankakhoza bwinoko mayeso a GCSE, omwe amalembedwa ku sekondale pa zaka 16, makamaka ochokera m'mabanja osauka. Panopa boma labwereranso ku ganizo lomwelo ndi malo otchedwa Family Hub, omwe adayamba kulandira ndalama m'makhonsolo 75. Fufuzani ngati m'dera lanu alipo. Njira yachidule ndi ofesi ya khonsolo yotchedwa Family Information Service, yomwe lamulo la 2006 limafuna kuti ntchito yake ipezeke m'khonsolo iliyonse. Iwo ndi amene amadziwa komwe ntchito za malo otsekedwawo zidasamukira.

Pa ndalama, mvetsetsani bwino chifukwa apa ambiri a viza ngati yanu amadzimana okha chifukwa cha mantha. Mwana aliyense wa zaka 3 ndi 4 ku England ali ndi ufulu wa maola 15 pa sabata aulere kwa masabata 38 pa chaka, kuyambira teremu yotsatira tsiku lomwe wakwanitsa zaka 3. Maola amenewa sayang'ana viza ya kholo. Omwe amayang'ana viza ndi maola 30 a makolo ogwira ntchito, omwe kuyambira September 2025 amayambira pa mwana wa miyezi 9. Amenewo wopempha amayenera kukhala wololedwa kulandira thandizo la boma, ndiye ngati bambo a ana ali ndi chilolezo chotero akhoza kupempha ndi iwo. Ndalama za maola 15 zimachoka ku boma kudzera ku khonsolo kupita ku sukulu ya mkaka. Sukuluyo ikhoza kulipiritsa chakudya, matewera kapena maola owonjezera, koma isakukakamizeni kugula zimenezi kuti mupeze maola aulerewo. Ikatero, nkhani imeneyo ndi ya khonsolo ndithu, chifukwa pali mgwirizano womwe adasayinirana. Maphunziro a mwana, kuphatikizapo thandizo lapadera lomwe ndikufuna kunenali, sali m'gulu la ndalama zomwe viza yanu imaletsa.

Kuchedwa kulankhula pa zaka 3 kumachitika kwa ana ambiri, ndipo ambiri amadzalankhula bwinobwino akathandizidwa msanga. Musadikire kuti "adzayamba yekha". Choyamba apimidwe makutu, chifukwa madzi otsekeka mkati mwa khutu amavuta ana ambiri a msinkhu umenewu ndipo mwana wosamva bwino salankhula bwino. Pitani kwa GP, dokotala wa banja lanu, kapena kwa health visitor, namwino woyendera mabanja a ana aang'ono. Mwina simukudziwa kuti kuyambira October 2015 ntchito ya anamwino amenewa imalipiridwa ndi khonsolo, chimodzi mwa zinthu zochepa zomwe zidawonjezeredwa pa makhonsolo m'malo mochotsedwa. Apempheni akutumizeni kwa akatswiri a kulankhula. M'madera ena kholo limatha kudzilembetsa lokha. Wina akakuuzani kuti vuto ndi Chichewa chomwe mumalankhula pakhomo, musamumvere. Zinenero ziwiri sizichedwetsa mwana kulankhula, ndipo lamulo la 2014 limanena poyera kuti mwana asatengedwe ngati wovutika kuphunzira pa chifukwa chokhacho chakuti chinenero cha kwawo n'chosiyana ndi cha kusukulu. Pitirizani kumulankhula, kumuimbira ndi kumufotokozera nthano m'chinenero chomwe inu muli nacho omasuka. Chomwe akatswiri amafuna kudziwa n'chakuti kodi akuchedwa m'zinenero zonse ziwiri.

A kusukulu ya mkaka sadalakwe kutchula khonsolo, koma adadumpha gawo lawo. Iwo ndi amene amayenera kuyamba: kulemba zomwe akuona, kukonza zoti azichita naye, kukhala nanu pansi kuunikira ngati zikuthandiza. Akaona kuti sizikukwana, iwowo ndi amene amaitana alangizi a khonsolo oona za ana aang'ono, ndiponso kupempha ndalama za thumba lapadera lomwe khonsolo iliyonse imayenera kukhala nalo lothandizira ana otere m'masukulu a mkaka. Afunseni mwachindunji ngati achita zimenezi.

Ngati vuto likuoneka lalikulu, mwachitsanzo sakumva zomwe mukumuuza, sakuloza zinthu, sakusewera ndi anzake, kapena mawu omwe ankanena asowa, pali chikalata chotchedwa EHCP. Chimenechi chimalemba zosowa za mwana ndi thandizo lomwe ayenera kulandira, ndipo khonsolo imamangidwa ndi lamulo kupereka zomwe zalembedwamo pa maphunziro. Sukulu ikatchulidwa m'chikalatachi imayenera kumulandira mwanayo, ngakhale ili academy. Simufunika chilolezo cha sukulu kuti mupemphe, simufunikanso kudikira dokotala atchule dzina la vutolo. Mumalembera khonsolo nokha kupempha kuti mwana aunikidwe. Iwo ali ndi masabata 6 oti ayankhe ngati avomera, ndipo ntchito yonse imayenera kutha m'masabata 20.

Ndikuuzeni zoona kuti njirayi ndi yotopetsa. Ana okhala ndi zikalata zotere adali pafupifupi 240,000 mu 2015; pofika 2025 adapitirira 600,000. Ndalama sizidakwere mofanana, makhonsolo ambiri ali ndi ngongole zazikulu pa thumba limeneli, ndipo ena, monga Birmingham mu 2023, adafika polengeza kuti bajeti yawo yonse siikukwana. Zotsatira zake n'zakuti pafupifupi theka lokha la zikalatazi ndi lomwe limatuluka m'masabata 20 aja, ndipo makolo ambiri amakanidwa poyamba. Ogwira ntchito m'maofesiwa ambiri ndi anthu abwino omwe asenza mafayilo opitirira mphamvu zawo, koma umphawi wa khonsolo suchotsa ufulu wa mwana wanu. Akakukanani muli ndi miyezi 2 yokadandaula ku bwalo lotchedwa SEND Tribunal, mutayamba mwalankhula ndi mkhalapakati yemwe amakupatsani chikalata chake. Kudandaula kumeneku n'kwaulere, ndipo pa milandu yomwe imafika poweruzidwa makolo amapambana yoposa 9 pa 10 iliyonse. Nambala imeneyi ikuuzeni kuti "ayi" woyamba si mapeto.

Musayende nokha. Dera lililonse lili ndi ofesi yotchedwa SENDIASS yomwe imalangiza makolo mwaulere ndi mwachinsinsi, ndipo ena mwa iwo amatha kukuperekezani ku misonkhano ya kusukulu. Ingathandize pa ana onse awiri. Bungwe la IPSEA, lomwe limalangiza makolo a ana ofunika thandizo lapadera pa za malamulo, lili ndi zitsanzo za makalata pa intaneti zomwe mungatsate. Khonsolo ikadutsitsa masiku omwe lamulo lidaika, kapena ikasiya mwana wopanda maphunziro, dandaulani kaye kwa iyo yomwe polemba, ndipo ikapanda kukonza pitani kwa Local Government and Social Care Ombudsman, ofesi yofufuza madandaulo okhudza makhonsolo. Ngati mukukhala kudera komwe kuli makhonsolo awiri, yaikulu ya county ndi yaing'ono ya district, za masukulu zili ku ya county. Anthu ambiri amataya masabata akuimbira yolakwika. Chilichonse chomwe mwauzidwa pafoni, tumizani imelo tsiku lomwelo yobwereza zomwe mwamva ndi dzina la amene mwalankhula naye.

Pali nthawi zomwe simuyenera kudikira njira zonsezi. Wamkuluyo akayamba kukana sukulu, kulankhula zodzivulaza, kapena akabwera ndi mabala omwe sakutha kuwafotokoza, onanani ndi GP sabata yomweyo ndipo dziwitsani mphunzitsi woona za chitetezo cha ana pa sukulupo. Ngati mukukayikira kuti munthu wina wogwira ntchito pa sukulupo wamuchita nkhanza, khonsolo ili ndi ofesala wotchedwa LADO amene amaona nkhani zotere pa sukulu ya mtundu uliwonse. Sukulu ikayamba kukunyengererani kuti mumuchotse nokha kapena muzimuphunzitsa pakhomo "kuti asachotsedwe", musasayine kanthu musanalankhule ndi SENDIASS, chifukwa mukangosayina, udindo wonse wa maphunziro ake ndi ndalama zake umagwera inu. Pa mafunso okhudza viza yanu, funsani mlangizi wovomerezeka wa za olowa m'dziko kapena bungwe lolangiza anthu mwaulere la Citizens Advice, osati zomveka m'magulu a WhatsApp.

Chomaliza ndi tsiku lomwe mabanja obwera kumene amaliphonya kawirikawiri. Ana ku England amayamba kalasi yoyamba ya pulayimale, yotchedwa Reception, mu September wotsatira tsiku lomwe akwanitsa zaka 4, ndipo fomu yopempha malo imapita ku khonsolo pofika 15 January chaka chomwecho. Mayankho amatuluka pa 16 April. Kukhala pa sukulu ya mkaka yomwe ili pa sukulu ya pulayimale sikumupatsa mwana malo a Reception pa sukulupo, muyenera kulemba fomu basi. Dzazani mipata yonse ya masukulu yomwe fomuyo ikulola, ndipo imodzi mwa izo ikhale yapafupi ndi kwanu yomwe mukudziwa kuti angamutenge. Ngakhale mutakhala kuti mwapempha kale EHCP ndipo siidatuluke, fomu ya 15 January ija tumizanibe.